Khungu la nkhumba lochiritsa khungu

Mukamadutsa m'mbali mwa misewu ya ku Zingwangwa kapena kuseri kwa msika wa Ndirande, mumaona anyamata owotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo. Ambiri amagwira galayinda maso ali pamtetete, tizitsulo tamoto tikuthetheka mbali zonse. Mmodzi mwa anyamata otere ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe ndimakhala naye kuno ku Soche. Chaka chatha kachitsulo kadamugwera m'diso lamanzere. Adapirira masiku anayi, anzake akumuuza kuti chitsotso chimatuluka chokha ndi misozi, ndipo wina adamudonthezera madzi a masamba. Pamene tinkafika naye kuchipatala, m'diso munali chilonda. Chilondacho chidapola, koma chidasiya kadontho koyera pakati penipeni, ndipo lero diso limenelo limaona ngati kunja kwagwa chifunga.

Anthu akamuona amati ndi ng'ala, angopita kukapala. Ayi ndithu. Ng'ala yomwe madokotala a ku Lions Sight First, pachipatala cha Gulupu, amachotsa kawirikawiri imakhala mkati mwa diso. Vuto la mnyamatayu lili kunja, pakagalasi koonekera komwe kamaphimba mwanadiso, kamene achipatala amakatcha cornea. Kagalasika ndi kopyapyala, pafupifupi theka la milimita, ndipo mulibe mitsempha ya magazi. Kuwala konse kolowa m'diso kumadzera pamenepo. Kakachita chipsera, diso lonse likhoza kukhala labwinobwino mkatimo koma mwiniwake osaona, monga nyumba yabwino yomwe windo lake apakapo laimu.

Chithandizo chodziwika ndi kuchotsa kagalasi koonongekako ndi kusokererapo ka munthu amene wamwalira. Dokotala woyamba kuchita izi bwinobwino anali Eduard Zirm mu 1905. Koma tigalasi timeneti ndi tosowa. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016 adapeza kuti anthu 12.7 miliyoni padziko lonse ankadikira opaleshoniyi, ndipo pa anthu 70 ofuna cornea, imapezeka imodzi yokha. Ikachotsedwa kwa womwalira imayenera kusungidwa mwapadera ndi kugwiritsidwa ntchito pasadathe pafupifupi sabata ziwiri. Ndiye tinene zoona: ndani wa ife, thupi la m'bale wake lili kumochale, adzukulu akukumba kumanda, angavomere kuti adokotala atengeko kanthu m'maso mwa malemu? Ineyo ndikadafunsidwa zaka ziwiri zapitazo ndikadakana.

Apa m'pamene palowera chinthu chomwe akatswiri akuchitcha hydrogel. Aliyense amene adaphikapo mang'ina akuchidziwa ngakhale sadamvepo dzinalo. Msuzi wa mang'ina ukagona usiku umagwirana n'kukhala nenenene, chifukwa cha collagen, timinyewa topezeka m'chikopa ndi m'mitsempha ya nyama, tomwe timasunga madzi ambiri pakati pake. Cornea nayo kwakukulukulu ndi collagen ndi madzi. Vuto la msuzi uja n'lakuti ukauika pamoto umasungunukanso. Choncho akatswiri amamangirira timinyewato tina ku tinzake pogwiritsa ntchito mankhwala kapena kuwala, monga momwe woluka lichero amapingasira nsungwi kuti zisayoyoke. Zikamangiriridwa chotero zimalimba, zimapindika osang'ambika, koma kuwala kumadutsabe.

Mu August 2022, akatswiri a ku Linköping University m'dziko la Sweden, motsogozedwa ndi Mehrdad Rafat ndi Neil Lagali, adalengeza zotsatira za kagalasi kotere kopangidwa ndi collagen wa m'khungu la nkhumba. Collagen ameneyu adamuyeretsa kwambiri ndi kumumangirira kawiri, koyamba ndi mankhwala, kachiwiri ndi kuwala. Adaika tigalasiti m'maso mwa odwala 20, a ku Iran 12 ndi a ku India 8. Mwa onsewa, 14 anali akhungu opaleshoni isadachitike. Patatha zaka ziwiri panalibe ndi mmodzi yemwe wakhungu, ndipo atatu mwa iwo, mothandizidwa ndi magalasi, ankaona ngati munthu wopanda vuto. Madokotala sadasoke kanthu. Adangocheka pang'ono cornea ya wodwalayo ndi kulowetsa kagalasiko mkati, ndipo mankhwala odontheza oletsa thupi kukakana adangofunika kwa sabata 8. Chomwe chidandikopa ine n'chakuti kagalasika kakhoza kusungidwa mpaka zaka ziwiri. Chinthu chotero chingathe kutumizidwa kuchokera kutali n'kukadikira wodwala m'kabati ya chipatala ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu, popanda kupempha kanthu kwa anamfedwa.

Abale athu achisilamu adzafunsa za nkhumbayo, ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Ine si shehe, koma n'zochititsa chidwi kuti odwala ambiri m'kafukufukuyu anali a ku Iran.

Tsono chimwemwe chisatipitirire. Odwala 20 aja onse anali ndi nthenda imodzi yotchedwa keratoconus, pomwe cornea imapyapyala ndi kusongoka koma ikadali yoonekera. Nthendayi imayamba paunyamata, ndipo imagwirizana ndi kutikita maso kwambiri, choncho makolo a ana omwe maso awo amayabwa n'kufiira nyengo ya fumbi asamangoti azolowera. Kwa achinyamata otere kagalasi ka ku Sweden kangakhale chithandizo chenicheni. Koma maso ambiri oyera amene timakumana nawo m'misewu yathu ndi a zipsera: chitsulo, phesi la chimanga pokolola, chikuku chomwe chidapeza mwana wopanda vitamini A wokwanira, mankhwala achikuda odontheza m'maso, ndi trachoma, yomwe bungwe la WHO lidavomereza mu September 2022 kuti Malawi waigonjetsa. Kulowetsa kagalasi kabwino mkati mwa cornea yomwe ili ndi chipsera sikuchotsa chipseracho.

Pa zilonda ngati cha mwana wa mlongo wanga, ofufuza ena ku Boston, m'dziko la America, adafotokoza mu 2019 za hydrogel yamadzimadzi yotchedwa GelCORE. Amaidontheza pachilonda, n'kuiwalitsira nyali kwa mphindi zochepa, iyo n'kuuma momata chilondacho kuti minofu ya diso imerere momwemo. Panthawiyo adaiyesera pa akalulu.

Nditamufotokozera zonsezi, mnyamata uja adangofunsa kuti, "Ndiye amalume, zifika liti ku Gulupu?" Ndidamuuza kuti asadikire. Sabata yotsatira tidakwera minibasi kupita ku Limbe kukagula magalasi otchinga kumaso, awiri, ena a mnzake amene amagwira naye galayinda. Poyeza felemu masiku ano amatsinzina diso lamanzere n'kupendeketsa mutu, ndipo tepi amaiwerenga kawiri asadadule chitsulo.