Kuyankha foni sikutha ndalama za mu akaunti

Mphekesera ija yabweranso m'magulu a WhatsApp a kunyanja, kuyambira ku Kande ndi Chintheche mpaka ku Usisya. Akuti pali nambala zakunja zomwe ukangoyankha, ndalama zonse za mu Airtel Money kapena TNM Mpamba zimaseseka nthawi yomweyo. Ena akuwonjezera kuti woyankhayo amamva mutu, kenako n'kukomoka. Uthengawo umatha ndi pempho loti muutumize kwa onse amene mumawakonda, ndipo anthu akutumizadi, ndi bandulo yogula okha.

Bodzali ndi nkhalamba. Mu 2004 linazunguza anthu ku Nigeria, komwe ankati kuli nambala zakupha, ndipo kuyambira pamenepo lakhala likuyendayenda m'mayiko, likungosintha nambala. M'boma la Nkhata Bay limapweteka kuposa kwina. Anthu a kuno anayamba kupita kukagwira ntchito ku South Africa ndi ku Rhodesia nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka lero ndi mabanja ochepa amene alibe m'bale ku Joni. Nambala yoyamba ndi +27 kawirikawiri ndi mwana amene akufuna kunena za fizi kapena malata a nyumba. Mayi akaiona n'kuibisa foni pansi pa mkeka, wapindula ndani?

Ndalama sizikhala mu foni, ngakhalenso mu simu khadi. Chimene mumachitcha akaunti ndi mzere wa manambala m'makompyuta a kampani, ndipo ndalama zenizenizo zimasungidwa kubanki motsatira malamulo a Reserve Bank of Malawi. N'chifukwa chake msodzi foni ikamugwera m'madzi usiku akukoka chilimira, amataya foni yokha. Akatenga simu khadi ina ya nambala yomweyo amapeza ndalama zake zili momwemo. Mukaimba *211# kapena *444#, foni imatsegula kanjira kakanthawi kolankhulana ndi kompyuta ya kampani. Kompyutayo imaona kuti pempho lachokera pa simu khadi iti, imafunsa nambala ya wolandira, imafunsa kuchuluka kwa ndalama, kenako imadikira PIN. PIN isanalowe, palibe tambala imene imasuntha. Foni ili ngati mwana womutuma, amangokanena zimene mwamuuza. Kuimbirana kwa mawu kumayenda pakokha, kumanyamula mawu basi, ndipo kulibe njira yolamulira kompyuta ija. Nanga za kukomoka? Nambala ndi keyala chabe. Kaya woimba ali ku Kande kaya ali ku London, mawu ake amatulukira pa kasipika komweko, kudzera pa nsanja ya netiweki yomweyo ya pafupi ndi kwanu.

Choipa chenicheni cha nambala zina zakunja ndi chaching'ono: zimakufulashani kuti muimbenso, ndipo mukaimba mayunitsi amatha mofulumira chifukwa mtengo wake pa mphindi ndi wokwera. Osaimbanso, nkhani yatha.

Koma ndalama zikubedwa ndithu. Mu 2023 bungwe la MACRA linanena kuti dziko lino limataya ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera mu umbava wa pa foni, ndipo kangapo konse nkhaniyi yaloza kwa akaidi a kundende ya Zomba amene amakhala ndi mafoni mozemba. Amenewa si akatswiri a kompyuta. Chida chawo ndi lilime. Amalemba kuti ndalama ija muitumize pa nambala iyi, uthengawo n'kuuponya kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti penapake pali munthu amene akufunadi kulipira usipa umene anaoda. Kapena amatumiza uthenga wofanana ndi wa kampani wosonyeza kuti mwalandira ndalama, kenako n'kuimba modandaula kuti analakwitsa nambala, mwana ali kuchipatala, chonde bwezani. Munthu wachifundo amabweza osayamba waona ndalama zotsala mu akaunti, ndipo zimene watumizazo ndi zake. Wina amadzitcha wogwira ntchito kukampani, akuti nambala yanu itsekedwa mukapanda kutsatira zimene akuuzeni. M'njira zonsezi chala chimene chimadina PIN ndi cha mwini foni.

Pa WhatsApp n'chimodzimodzi. Mbava imalemba nambala yanu pa foni yake, WhatsApp n'kutumiza kwa inu manambala 6 otsimikizira. Ikatero imakuimbirani n'kunena kuti manambalawo ndi olowera msonkhano wa gulu la mpingo kapena la kumudzi. Mukawatchula, akaunti yapita, ndipo madzulo omwewo abale anu a ku Joni akulandira uthenga wa dzina lanu wopempha thandizo la maliro.

Chokhumudwitsa n'chakuti anthu omwewo amene amanjenjemera ndi nambala yakunja amapereka foni kwa ejenti n'kutchula PIN mokweza, pamzere pali anthu. Kumene magetsi safika kapena amavuta, foni imagona pa shopu yotchajira tsiku lonse yosakiyidwa, mauthenga ndi zithunzi zili poyera. PIN ya manambala 4 ingakhale iliyonse mwa 10,000, koma ambiri amasankha chaka chobadwa. Kuchokera 1940 kufika 2010 pali zaka 71 zokha, ndipo chakacho chalembedwa pa chitupa cha unzika, chimene fotokope yake timaisiya paliponse.

Si zonse tingaimbe mlandu anthu. Mndandanda wa pa foni uli ndi timalemba ting'onoting'ono, umazima munthu akachedwa kuwerenga, ndipo netiweki ikadukiza umayambiranso poyamba. Gogo wa maso otopa achita chiyani koma kupatsa mdzukulu foni ndi PIN yomwe? Opanga njirazi ankaganizira munthu wodziwa kuwerenga msanga, wokhala pamalo a netiweki yabwino, osati wa ku Usisya amene ofesi ya kampani kuti aifike ayenera kudikira Ilala kapena kukwera msewu wa m'mapiri wopita ku Mzuzu.

Malamulo alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security ndi la 2016, kalembera wa simu khadi anachitika mu 2018, ndipo lamulo loteteza mbiri ya anthu, Data Protection Act, linabwera mu 2024. Kalemberayo amafooka munthu akalola mnzake kulembetsa simu khadi pa chitupa chake, chifukwa nambalayo ikaba, apolisi amayamba kufunafuna mwini chitupa.

Wogwira ntchito kukampani safunsa PIN. Sinthani yanu ngati ndi chaka chobadwa kapena ngati munaitchulapo pagulu, yatsani PIN yachiwiri pa WhatsApp, ndipo wina akati watumiza ndalama molakwika, muuzeni aimbire kampani yake kuti ibweze yokha.