Starlet ya turbo ndi Vitz yoikidwa turbo: iti ikuyenera ndalama zanu?

Mnyamata wa mu Blantyre amene wagwidwa ndi chilakolako cha galimoto yothamanga, koma thumba lake ndi losazama, ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kusakasaka Toyota Starlet yakale, ija ya GT Turbo kapena Glanza V, imene inachoka kufakitale ili kale ndi turbo. Yachiwiri ndi kutenga Vitz, imene yadzaza m'misewu kuyambira ku Chirimba mpaka ku Bangwe, n'kuipezera turbo yakaunjika, kenako n'kupita nayo kwa makaniko ndi wowotcherera kuti akaimangirire. Galimoto ziwirizi n'zapachibale. Toyota inasiya kupanga Starlet mu 1999, ndipo chaka chomwecho inatulutsa Vitz kuti ilowe m'malo mwake. Musasokonezeke ndi Starlet yatsopano imene yakhala ikugulitsidwa mu Africa muno kuyambira 2020: imeneyo ndi Suzuki Baleno yovekedwa dzina la Toyota, ndipo ilibe gawo m'nkhani ino.

Turbo imagwira ntchito ngati mvukuto wa wosula makasu. Moto umakolera malinga ndi mpweya umene ukuulandira, ndipo injini nayo ndi chimodzimodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kagudumu kamapiko, kagudumuko kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Mpweya ukachuluka mumathira petulo wochuluka, ndipo injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Timagudumu timeneti timazungulira kopitirira 100,000 pa mphindi imodzi, n'chifukwa chake turbo sikhululukira munthu wochedwa kusintha oyilo. Kwa ife a ku Blantyre pali phindu lina lapadera. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo Limbe ili pamwambapo ndithu. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene inalembedwa ku Japan. Turbo imabweza yambiri mwa mphamvu yotayikayo. Amene anakwerapo chitunda cha ku Chikwawa pa kagalimoto ka injini ya lita imodzi, anthu anayi ali m'kati, amadziwa chifukwa chake nkhaniyi imakoka mtima.

Tiyambe ndi Starlet. GT Turbo, imene okonda galimoto amaitchula kuti EP82, inalamulira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Glanza V, ya EP91, inabwera mu 1996. Zonse ziwiri zili ndi injini ya 4E-FTE ya 1,331cc, yotulutsa ma horsepower 135, m'galimoto yosakwana tani imodzi. Nambalayi siyodabwitsa lero, koma kupepuka kwa galimotoyo ndi kumene kumaichititsa kudumpha ngati yaponda moto. Chachikulu n'chakuti injini imeneyi anaimanga akudziwa kuti idzanyamula turbo. Buloko yake ndi yachitsulo. Mapisitoni ake amapanikiza mpweya pang'ono chabe, pa mlingo wa 8.2, kusiyira turbo malo. Pamwamba pa injini pali intercooler yoziziritsa mpweya usanalowe, ndipo kabowo kaja ka pa boneti si kokongoletsa, n'kopitira mphepo. Mapaipi a oyilo opita ku turbo, ma injector, kompyuta ya injini, kilachi, zonsezi akatswiri a Toyota anaziyesa pamodzi. Munthu wogula Starlet yabwino amagula ntchito yomalizidwa kale.

Vitz ndi nkhani ina, ndipo poyamba tifunse kuti Vitz yake iti. Zambiri zimene timaziona pa Ginnery Corner m'mawa uliwonse ndi za injini ya 1KR-FE, ya masilinda atatu, lita imodzi, ma horsepower pafupifupi 70, yomangidwa ndi giyabokosi ya CVT. Imeneyi anaipangira mayi wopita kumsika ku Osaka, osati mpikisano. CVT imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, ndipo mukaiwonjezera mphamvu imene sanaikonzere, lamba uja amaterereka n'kutentha. Kuika turbo pa Vitz yotereyi n'kutaya ndalama kawiri, poyamba pogula turbo, kenako pogula giyabokosi ina. Vitz yoyenera kuiganizira ndi ya RS, ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi magiya apamanja, yotulutsa ma horsepower pafupifupi 110. Injini yomweyi ili mu Sienta, Probox, Axio ndi Fielder, choncho masipeya ake ali mbwee ku Ndirande ndi ku Limbe. Ikafa lero, mawa mwapeza ina. Umenewu ndi mwayi weniweni umene mwini Starlet alibe.

Koma 1NZ-FE anaimangira kusunga mafuta. Buloko yake ndi ya aluminiyamu, ma conrod ake ndi owonda, ndipo imapanikiza mpweya pa mlingo wa 10.5. Mukakankhiramo mpweya wina ndi turbo, petulo amayamba kuphulika yekha nthawi isanakwane. Mumamva kaphokoso ngati timiyala m'chitini, ndipo mukakanyozera, pisitoni imasweka kapena conrod imapindika. Sikuti n'zosatheka. TRD, nthambi ya Toyota yoona za mipikisano, inagulitsapo Vitz RS ya turbo mu 2003, ya ma horsepower 150. Taonani nambalayo. Akatswiri okhala ndi zipangizo zonse anangowonjezera 40, n'kuima pomwepo. Mnyamata amene akulonjezedwa 200 pansi pa mtengo wamango, pa injini yosatsegulidwa n'komwe, adziwe kuti akulonjezedwa injini yonoka.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya masamu. Turbo yokha ndi chinthu chotchipa pa ntchito yonseyi, makamaka ikakhala yochotsedwa pa galimoto ya dizilo imene inachita ngozi. Zodula zili pambali pake: manifold yatsopano, intercooler ndi mapaipi ake, paipi ya oyilo yopita ku turbo ndi ina yobwerera imene imafuna kuboola sampu, ma injector akuluakulu, pampu ya petulo yamphamvu, kilachi yolimba, ladiyeta yabwino. Ntchito yachitsulo siyovuta kuno. Owotcherera a ku Ndirande akhoza kukupindirani paipi iliyonse imene mungaijambule pa mchenga, ndipo luso lawo silofunika kulikayikira. Chovuta chili pa kompyuta. Kompyuta ya Vitz sidziwa kuti kunja kuno kuli turbo. Imathira petulo ndi kupereka moto mwa chizolowezi chake, choncho pamafunika ina yotheka kuisintha, komanso munthu wodziwa kuichuna galimoto ili pa makina a dyno, akuwerenga mlingo wa mpweya ndi petulo. Akatswiri ambiri a ntchitoyi m'chigawo chino ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Khutu la makaniko, ngakhale lakuthwa chotani, limamva vuto pisitoni itayamba kale kupsa.

Tikafika pamenepa zikuoneka ngati Starlet yapambana mosavuta. Ayi ndithu. Glanza yaing'ono kwambiri inabadwa mu 1999, ndiye kuti yadutsa zaka 25. Mapaipi a labala auma, mawaya akhakhala, ma bush atha, ndipo pansi pake pakhoza kukhala dzimbiri la mchere umene amathira m'misewu ya kumpoto kwa Japan nthawi ya chisanu. Imayendera lamba wa timing wofunika kusintha pa nthawi yake, pamene 1NZ-FE imayendera tcheni. Komanso galimoto zimenezi sizinagwe m'manja mwa agogo opita kutchalitchi. Zambiri zinadutsa mwa anyamata atatu kapena anayi, aliyense akukweza pang'ono boost, mphamvu imene turbo imakankhira mpweya, ndipo turbo yake ya CT9 imafika kuno ikufuka utsi wabuluu. Mtengo nawo unakwera. A ku Britain ndi Ireland anazigula zambiri kalekale, ndipo lamulo la ku America lolola galimoto zakunja zokwanitsa zaka 25 linatsegula msika wina wa anthu olipira ndi dola. Mmalawi wopikisana ndi amenewo ali ndi kwacha imene inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Starlet ikafika pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, a MRA amaiwerengera msonkho ngati galimoto yakale, ndipo zakale ndi zimene zimalipira wokwera. Masipeya ena, monga a injini ya 4E-FE ndi 5E-FE za mu Corolla, Tercel ndi Raum zakale, amalowana ndi ake. Koma turbo, kompyuta ndi mapisitoni muyenera kuitanitsa kunja, galimoto itakhala pa miyala ikudikira.

Pa chitetezo Vitz ili patsogolo. Thupi lake ndi la m'badwo wotsatira, lolimba bwino pa ngozi. Starlet ya 1991 ndi kabokosi kopepuka, ndipo kupepuka komwe kumaipatsa liwiro ndi kumene kumaisiya yopanda chodzitchinjirizira ikakumana ndi minibasi.

Pa petulo zonse ziwiri zimamwera chitsime chimodzi. Pampu za kuno zili ndi mtundu umodzi wokha, wosakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe. Malawi anayamba kusakaniza chotere mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo ina ya PressCane ili ku Chikwawa. Ethanol amathandiza injini ya turbo chifukwa saphulika msanga, koma amadya labala wakale wa m'mapaipi a Starlet. Choopsa chenicheni chimabwera mafuta akasowa, anthu akuyenda ndi zigubu. Petulo wa m'chigubu, amene simukudziwa chimene anathiramo, Vitz wamba imamumeza n'kungotsokomola. Injini yokhala pa boost ikhoza kufa naye tsiku lomwelo. Ndipo phazi likalemera, turbo imamwa osati masewera. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Funso limene limathawidwa m'magalaja ndi ili: galimotoyo ikatha, mukaithamangitsira kuti? Blantyre ilibe bwalo la tala la mpikisano wa galimoto. Harare ili ndi Donnybrook, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Bulawayo ili ndi bwalo lake, Maputo chimodzimodzi, ndipo South Africa ili ndi Kyalami, Zwartkops ndi Killarney. Zambia inatchuka pa mipikisano ya m'misewu yafumbi, kumene Satwant Singh anatenga ukatswiri wa Africa kambirimbiri. Masewero ozunguza galimoto mpaka matayala kufuka, amene anakulira m'makomboni a ku Soweto ndi BMW 325i yotchedwa gusheshe, amafuna galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo, pamene Starlet ndi Vitz zimakoka ndi akutsogolo. Chotsalira mnyamata wa turbo ndi msewu wa Masauko Chipembere pakati pa usiku, kapena wa ku Chileka kudutsa pa Kameza. Mmenemo muli a kabaza opanda nyali, oyenda pansi ochokera kuntchito yausiku, ndi malole oima osaika chizindikiro. Umenewo si mpikisano, ndipo amene amavulala nthawi zambiri ndi munthu amene sanafunsidwe n'komwe.

Pali mbiri imodzi imene imasintha kuyerekeza konseku. Kuyambira 2000 mpaka 2020, ku Japan kunkachitika mpikisano wa Netz Cup Vitz Race, pa mabwalo akuluakulu monga Fuji ndi Suzuka. Galimoto zonse zinali ma Vitz ofanana, opanda turbo, okhala ndi nambala zapamsewu, moti mwini ankabwera nayo akuyendetsa yekha n'kubwerera nayo kwawo. Oyambirira anali a lita imodzi. Zimene ankasintha zinali za kayendedwe ndi chitetezo: mashoko, masipuling'i, zitsulo zotchinga woyendetsa galimoto ikagubuduzika, ndi malamba olimba. Popeza injini zinali zofanana, wopambana anali wodziwa kuponda buleki mochedwa ndi kutuluka pa kona mwaukhondo. Mpikisanowu unakhala zaka 20 chifukwa munthu wamba ankaukwanitsa.

Chinthu chotere chikhoza kutheka kuno popanda kudikira boma kuti limange bwalo. Malo oimikapo galimoto otakata, otsekedwa Lamlungu mwachilolezo cha eni ake ndi apolisi, timakoni tapulasitiki, wotchi, ambulansi pambali, galimoto imodzi imodzi. Pa bwalo lopanikiza chotero, pamene giya yachitatu siifikidwa kawirikawiri, ma horsepower 135 a Starlet amangozunguza tayala lakutsogolo pachabe, ndipo Vitz RS ya matayala abwino imaipumira m'khosi. Turbo imafuna msewu wautali woongoka, ndipo umenewo ndi umene tilibe.

Ngati mtima wanu wakakamira pa turbo, gulani Starlet imene inabadwa nayo, muyese kaye mphamvu ya masilinda ake musanalipire, ndipo chaka choyamba mungoibwezeretsa mmene inalili osakhudza boost. Ngati muli kale ndi Vitz RS, ndalama ya turbo ija ipite ku matayala, mabuleki ndi mashoko. Ngati yanu ndi ya lita imodzi ya CVT, isiyeni izikupititsani kuntchito. Ndipo aliyense amene wasintha injini akumbuke kuti nambala ya injini imalembedwa mu bulu buku, choncho apite ku Road Traffic akakonze mapepala asanakumane ndi wapolisi kapena wa inshuwalansi.