NJINGA YA GUDUMU LIMODZI NDI MAKINA OYENDERA A MAGETSI

M'mizinda yaikulu ya ku Ulaya, America ndi Japan anthu ambiri amagona kutali ndi kumene agwira nchito. M'mawa ndi madzulo miseu imadzaza ndi magalimoto, kotero kuti wokwera galimoto nthawi zina amapitiriridwa ndi munthu woyenda pansi. Ena amakwera sitima kapena basi, koma sitima siifika pakhomo pa munthu, ndiponso siimtula pakhomo pa nchito yache. Pamatsalabe mailosi angapo oyenda pansi, ndipo wochedwa ku nchito angathe kudulidwa malipiro kapena kuchotsedwa kumene.

Chifukwa cha bvuto limeneli anthu akhala akufuna-funa chokwera chaching'ono, chimene munthu angathe kulowa nacho m'sitima ndi kuchisunga pansi pa tebulo ku nchito. Ena asankha njinga ya gudumu limodzi yopalasa ndi miyendo. Ena asankha timakina toyenda ndi magetsi. Nkhani ino ifotokoza m'mene ziwirizi ziyendera, ubwino ndi kuipa kwache, ndiponso m'mene munthu aphunzirira kukwera.

CHIYAMBI CHACHE

M'zaka za m'ma 1870 njinga za ku England zinali ndi gudumu lalikulu kutsogolo, lina lofika mapazi 5, ndi kagudumu kakang'ono pambuyo. Zinalibe tcheni, popeza mapedulo anali omangirira pa gudumu lalikululo. Wokwera akaima mwadzidzidzi, kagudumu ka pambuyo kankanyamuka. Anthu ambiri amakhulupirira kuti apa ndi pamene ena anazindikira kuti angathe kuyenda ndi gudumu lalikulu lokha, nachotsa linalo.

M'chaka cha 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anapanga njinga yochedwa Rover, ya tcheni ndi magudumu awiri osasiyana kwambiri kukula kwache. Imeneyi ndiyo kholo la njinga zimene ziyenda m'midzi lero. Njinga ya gudumu limodzi inatsala m'manja mwa anthu ochita masewera osangalatsa anthu, ndipo panapita zaka zambiri anthu wamba asanaiyese pa ulendo weni-weni.

CHIFUKWA CHIANI WOKWERA SAGWA?

Njinga imeneyi iri ndi gudumu, mapedulo awiri, foloko ndi chishalo basi. Iribe tcheni, ndipo zambiri ziribe handulo kapena mabuleki. Munthu akapalasa kamodzi, gudumu lizungulira kamodzi. Akaleka kupalasa, gudumu liima pomwepo, kotero kuti ngakhale pa mtsetse miyendo siipuma.

Mwana akaimika nsungwi pa chikhato, nsungwiyo iyamba kupendekera mbali ina, ndipo mwanayo athamangitsa dzanja kumbali komweko kuti likhalenso pansi pa nsungwi. Wokwera njinga ya gudumu limodzi achita chimodzi-modzi. Thupi lache ndilo nsungwi, gudumu ndilo dzanja. Akafuna kupita patsogolo, apendekera patsogolo pang'ono monga ngati akugwa, napalasa kuti gudumu limpeze. Akafuna kuima, abweza thupi pambuyo pang'ono nagwira mapedulo ndi mphamvu ya miyendo. Akayamba kugwera kumanzere, apotoza chiuno kuti gudumu likhotere kumanzere komweko. Wozolowera achita zonsezi osaganiza, monga mai wosenza mtsuko saganiza za khosi lache.

MAKINA A MAGETSI

M'mwezi wa December 1901 kunalibe munthu akadalota kuti makina angathe kuchita nchito ya mwana wa nsungwi uja, koma patapita zaka 100, mu December 2001, Dean Kamen wa ku America anaonetsa makina ochedwa Segway. Ali ndi magudumu awiri, lina kumanja lina kumanzere, poponda pakati, ndi handulo yogwira. M'kati mwache muli tizipangizo tomva kupendekeka kwa munthu, ndi kakompyuta kamene kawerenga zimenezi ka 100 pa sekondi imodzi, nikauza injini za magetsi kuti zithamangitse magudumu pansi pa wokwerayo. Munthu akapendekera patsogolo makinawo apita patsogolo, akabwerera pambuyo aima. Ambiri amatha kuwayendetsa pa mphindi zowerengeka.

Panali chiyembekezo chakuti Segway idzasintha mayendedwe a m'mizinda yonse, koma sizinatero. Mtengo wache unali pafupi-fupi madola 5,000, ndalama zokwanira kugula galimoto yogwirapo kale nchito. Inali yolemera, mitundu ina yoposa mapaundi 100, yosatheka kukwera nayo pa makwerero a nyumba. Ogula ambiri anali apolisi, alonda ndi makampani oyendetsa alendo. Kampani ya ku China yochedwa Ninebot inagula Segway mu 2015, ndipo mu July 2020 analeka kupanga makinawo atagulitsa pafupi-fupi 140,000 okha pa zaka zonsezo.

Koma nzeru yache siinafe. Shane Chen anapanga Solowheel, gudumu limodzi la magetsi lopanda chishalo, limene munthu aimirira pa timapondero tiwiri ta m'mbali. Panabweranso masikuta a magetsi, amene ndi kathabwa ka magudumu awiri ang'ono, lina kutsogolo lina pambuyo, ndi handulo. Amenewa ndiwo anachuluka koposa m'mizinda.

KULINGANIZA ZIWIRIZI

Choyamba ndi liwiro. Gudumu la mainchesi 20 likazungulira kamodzi liyenda mapazi 5 ndi pang'ono, kotero kuti pa mailo imodzi munthu apalasa koposa ka 1,000. Gudumu la mainchesi 36 liyenda mapazi 9 ndi theka, ndipo pa mailo imodzi apalasa pafupi-fupi ka 560. Ngati munthu apalasa ka 100 pa mphindi imodzi, gudumu laling'ono limtengera mailosi 6 pa ola, lalikulu mailosi 10 ndi kupitirira. Tsono wokhala mailosi 3 kuchokera ku nchito, poyenda pansi atha ola limodzi, pa gudumu laling'ono theka la ola, pa lalikulu mphindi 17. Segway, imene liwiro lache lomaliza linali mailosi 12 ndi theka pa ola, ikadamfikitsa pa mphindi 15. Kusiyana kwache ndi kochepa, koma wa magetsi afika wosatuluka thukuta.

Chachiwiri ndi mtengo. Njinga ya gudumu limodzi iri ndi zitsulo zochepa zoti zionongeke, ndipo wodziwa kumata chubu ndi kumanga masipoko angathe kuikonza yekha. Makina a magetsi amadalira batire, ndipo batire limafooka pakupita kwa zaka mpaka kufuna lina. Likatha mphamvu pa njira, mwini wache atsala ndi katundu wolemera wokoka. Akafa m'kati, afuna mmisiri wodziwa za magetsi ndi zitsulo zochokera kwa opanga.

Chachitatu ndi ngozi. Wokwera njinga yopalasa ya gudumu laling'ono sayenda kuposa m'mene munthu angathamangire, kotero kuti akaphonya kawiri-kawiri atera pa mapazi ache, njinga nigwa yokha. Magudumu ena a magetsi amapitirira mailosi 40 pa ola, ndipo injini ikalephera kumpeza munthu amene wapendekera kwambiri, iye agwa chafufumimba pa liwiro lomwelo. M'chaka cha 2010 Jimi Heselden, amene anali atangogula kampani ya Segway, anafa atagwa ndi makinawo pa phompho m'mbali mwa mtsinje wa Wharfe ku England.

Palinso ngozi ya moto. Mabatire a makina amenewa akaphwanyika, akalowa madzi, kapena akadzazidwa ndi chipangizo chosayenera, angathe kuyaka moto wobvuta kuzima. Mu 2016 ku America anaitanitsa timakina ta magudumu awiri tochedwa hoverboard toposa 500,000 kuti tibwezedwe chifukwa cha ngozi imeneyi. Mu November 2021 sikuta inayaka m'sitima ya ku London, ndipo mwezi wotsatira akulu a za maulendo mu mzindawo analetsa kulowa ndi masikuta kapena magudumu a magetsi m'sitima ndi m'mabasi ao. Motero chifukwa cheni-cheni chimene ena anagulira makinawo chinatha tsiku limodzi.

Chachinai ndi lamulo. Mu 2019 dziko la Germany linalola masikuta a magetsi pa mseu, koma okhawo okhala ndi handulo ndi osapitirira makilomita 20 pa ola, kotero kuti gudumu limodzi la magetsi linatsala kunja. M'chaka chomwecho Singapore inaletsa masikuta m'njira za anthu oyenda pansi. Mu 2020 Boma la Britain linayamba kuyesa masikuta obwereka m'mizinda ina, koma silinalole munthu kuyendetsa yache-yache pa mseu wa onse. Ku Paris anthu anaponya voti mu April 2023, ndipo pafupi-fupi 9 mwa 10 ali onse amene anavota anakana masikuta obwereka. Anawachotsa mu September chaka chomwecho.

KUPHUNZIRA KUKWERA

Apa ndi pamene makina a magetsi apambana. Sikuta siifuna maphunziro, ndipo gudumu limodzi la magetsi lifuna masiku owerengeka. Njinga ya gudumu limodzi yopalasa imatenga maola 10 kapena 15 kwa anthu ambiri asanayende okha, ndipo ochuluka amaleka pa masiku oyamba poganiza kuti n'zosatheka.

Wophunzira ayambe ndi gudumu la mainchesi 20. Akweze chishalo mpaka mwendo utatsala pang'ono kuongoka pamene pedulo iri pansi. Afune malo osalala, olimba ndi opanda miyala, pambali pa khoma kapena mpanda wogwira. Abvale nsapato zomanga bwino zingwe, chipewa cholimba choteteza mutu, ndi zochinjiriza miyendo, chifukwa pedulo imamenya msongolo kowawa.

Pokwera, aike chishalo pakati pa miyendo gudumu liri patsogolo pache, ndi pedulo imodzi yoloza kwa iye cha m'munsi. Akaiponda, gudumu libwera lokha pansi pa thupi lache, ndipo aike phazi linalo. Tsiku loyamba angokhala pamenepo atagwira khoma, kusuntha pang'ono patsogolo ndi pambuyo.

Pali malangizo anai ofunika. Thupi lonse likhale pa chishalo, osati pa mapazi, popeza woimirira pa mapedulo atopa msanga ndipo gudumu limagwedezeka. Msana ukhale woongoka. Maso ayang'ane kutsogolo, osati pa gudumu. Ndipo popuma mapedulo akhale mopingasa, ina patsogolo ina pambuyo, chifukwa ina ikakhala pamwamba ina pansi mwendo ulibe mphamvu yoyendetsa gudumu.

Akazolowera, ayende motsata khoma theka la kuzungulira kwa gudumu, aime, ayendenso theka lina. Pambuyo pache asiye khoma, atambasule manja, apendekere patsogolo ndi kupalasa. Poyamba adzapalasa kawiri kapena katatu n'kugwa. Akaona kuti akugwa asalimbane ndi kugwira njinga, aileke igwe, iye atere pa mapazi. Kuyesa theka la ola tsiku ndi tsiku kuposa kuyesa tsiku lonse kamodzi pa sabata. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Kuyenda molunjika si kutha kwa maphunziro. Munthu asalowe pa mseu wa magalimoto asanadziwe kukwera wopanda chogwira, kukhota mbali zonse ziwiri, kutsika mtsetse mosathamanga, ndi kuima pamene afuna.

ANA A SUKULU NDI WOYENDA DZIKO LONSE

Aphunzitsi angakondwe kumva kuti ku Japan masukulu ambiri a ana ang'ono ali ndi njinga zimenezi, makamaka kuyambira 1989 pamene a za maphunziro anaziika pakati pa masewera oyenera ana. Ana amazikwera pa nthawi yopuma, ndipo aphunzira kukhazikika kwa thupi ndi kupirira. Mpikisano wa maiko onse wochedwa Unicon unayamba mu 1984 ku Syracuse, ku America.

Mnyamata wina wa ku Somerset ku England, Ed Pratt, ananyamuka kwao mu March 2015 ali ndi zaka 19, pa njinga ya gudumu la mainchesi 36, atamangirirapo hema ndi zobvala. Anabwerera mu July 2018 atazungulira dziko lonse, ulendo woposa mailosi 21,000, nasonkhanitsa ndalama zogulira ana osauka zikwama ndi zipangizo za sukulu.

CHOYENERA KUSANKHA

Wa mu mzinda wokhala ndi ndalama, magetsi pakhomo ndi miseu yosalala, amene lamulo la kwao limlola, angathandizidwe ndi makina a magetsi. Wofuna chokwera chotsika mtengo, chopepuka ndi cholimbitsa thupi, amene ali ndi mtima wopirira, angasankhe gudumu limodzi lopalasa. Koma ziwiri zonsezi zinapangidwira munthu mmodzi wonyamula kachikwama kokha. Sizinyamula thumba la chimanga kupita ku chigayo, kapena wodwala kupita ku chipatala, ndipo pa nchito zotere njinga ya magudumu awiri ya Starley uja iri patsogolobe.

Munthu akaona chokwera chachilendo chonyezimira, asanatulutse ndalama afunse ngati chinyamula katundu wache, ngati chiyenda m'njira za kwao nthawi ya dzinja, ngati alipo wochikonza pafupi, ndiponso ngati lamulo lichilola. Akulu anati chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.