Foni ya M'manja ndi Tsogolo la Chisoli m'Makomboni a Lusaka

1.0 Mau Oyamba

Munthu akatsika basi ku Kanyama, Chawama kapena Mtendere, chimene amamva pamsika, pampopi ndi pabwalo la mpira ndicho Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi. Komatu mzinda wa Lusaka unamangidwa m'dziko la Asoli ndi Alenje. Asoli ali ndi mfumu yao yaikulu, Nkomeshya Mukamambo II, ndipo chaka ndi chaka amachita mwambo wa Chakwela Makumbi ku Chongwe. Ngakhale zili tero, kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 34,000 okha amene ananena kuti Chisoli ndicho chilankhulo chimene amagwiritsa ntchito kwambiri. Pepala lino lifotokoza mbali imene foni ya m'manja ndi intaneti zingatengepo poteteza chilankhulochi. Mfundo yathu ndi yakuti makina angathe kusunga mau, koma chilankhulo chimakhala ndi moyo pokhapokha ana akuchilankhula.

2.0 M'mene Chilankhulo Chimazimiririra m'Komboni

Ambiri amaganiza kuti mdani wa zilankhulo zathu ndi Chingerezi, chimene chinakhazikitsidwa kukhala chilankhulo chophunzitsira m'sukulu mu 1966. Koma m'makomboni chimene chikumeza Chisoli, Chilenje ndi Chinsenga ndi Chinyanja chathu chomwe. Lusaka atasanduka likulu mu 1935, anthu ochokera kum'mawa kwa dziko ndi ku Nyasaland anakhamukirako kukafuna ntchito, ndipo Chinyanja chinalinso chilankhulo cha apolisi ndi asilikali. Motero chinasanduka chilankhulo chimene anthu a mitundu yosiyana amamvanirapo.

Tiyerekeze banja la ku George kapena ku Matero limene mayi ndi Msoli, bambo ndi Mnsenga, mwini nyumba ndi Mbemba. Makolowo amalankhulana Chinyanja popeza ndicho onse amachidziwa. Mwana amamva Chisoli agogo akabwera kudzacheza, koma amayankha m'Chinyanja. Mwana ameneyo akadzakula sadzakhala nacho Chisoli choti apatsire ana ake. Joshua Fishman, m'buku lake la mu 1991 lonena za kubwezeretsa zilankhulo, anaonetsa kuti apa ndiye pagona nkhani: chilankhulo chikaleka kudutsa kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, sukulu ndi wailesi pazokha sizingachiukitse.

3.0 Makina Amatsata Zilankhulo Zikuluzikulu

Kusunga mau ndi makina si chinthu chachilendo kuno. Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri za m'dziko lino, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene iye anakhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Mu 1949 kunafika wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special, imene inalowetsa mau ochokera ku Lusaka m'nyumba za anthu wamba. Mu 1994 ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesite ya Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti.

Koma tikayang'anitsitsa, tiona kuti makina amathamangira kumene kuli khamu. Wailesi ya boma imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri zovomerezeka: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014 ndi Chibemba mu 2024. Ntchito yotamandika ya Zambezi Voice, imene akatswiri a pa yunivesite ya Zambia anatulutsa mu 2023 pofuna kuphunzitsa kompyuta kumva mau a anthu, inayamba ndi Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: kompyuta imaphunzira kuchokera ku zolembedwa ndi zojambulidwa zimene zilipo kale, choncho chilankhulo chimene chili ndi mabuku ochepa chimatsalira kawiri. Asoli akadikira kuti makampani akunja awakumbukire, adzadikira nthawi yaitali.

4.0 Zimene Foni Ingathe Kuchita

Choyamba ndi uthenga wa mau pa WhatsApp. Agogo a ku Chongwe amene sanaphunzire kulemba Chisoli angathe kulankhula nthano kapena malonje pafoni, mdzukulu wa ku Kalingalinga namva. Uthenga wa mau uli ndi ubwino umene kalata ilibe, pakuti umasunga kukwera ndi kutsika kwa liwu. M'Chinyanja, mau oti “mtengo” wa m'nkhalango ndi “mtengo” wa katundu amalembedwa mofanana koma amasiyana kamvekedwe. Chisoli, monga zilankhulo zinzake za gulu la Bantu Botatwe, nacho chimadalira kamvekedwe kotere.

Chachiwiri ndi kusonkhanitsa mau. Kale ntchito yolemba dikishonale inali ya munthu mmodzi kwa zaka zambiri, monga Julius Torrend, amene anatulutsa dikishonale ya zilankhulo za Bantu Botatwe mu 1931. Lero gulu la pa Facebook kapena WhatsApp lingafunse dzina la mtengo, la nsomba kapena la chibale, anthu a m'midzi yosiyana nayankha tsiku lomwelo. Mayankho osiyana si vuto. Amaonetsa kusiyana kwa kalankhulidwe ka madera, kumene katswiri wa zilankhulo amafuna kudziwa.

Chachitatu ndi kuchotsa manyazi. Achinyamata ambiri a m'komboni amaona chilankhulo cha kwao ngati cha kumudzi, choyenera nkhalamba zokha. Akaona mnzao akuimba kapena kuseketsa anthu m'chilankhulocho pa TikTok kapena YouTube, maganizo amenewa amayamba kusintha. Chinyanja cha m'tauni nacho chinkanyozedwa ndi aphunzitsi, koma oimba a m'makomboni anachikweza mpaka chinamveka kunja kwa dziko.

5.0 Malire a Makina

Tiyenera kuchenjera pa zinthu zitatu. Poyamba, foni si nkhokwe yodalirika: ikabedwa kapena kuonongeka, mau a agogo amapita nayo. Zojambulidwa ziyenera kukopedwa ndi kusungidwa ku yunivesite kapena ku nyumba yosungira mbiri ya dziko, zitalembedwa tsiku, malo ndi chilankhulo chake. Kachiwiri, pali nkhani ya chilolezo. Nyimbo za kuchinamwali ndi miyambo ina siziyenera kumwazidwa pa intaneti. Eni ake, pamodzi ndi mafumu, ndiwo ayenera kugamula choti chionekere poyera ndi choti chibisike. Kachitatu, kalembedwe kovomerezeka ndi Unduna wa Maphunziro mu 1977 kanali ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri zija. Olemba Chisoli pafoni amabwereka malamulo a Chinyanja kapena a Chitonga, ndipo madipatimenti athu ali ndi udindo wowathandiza kugwirizana pa kalembedwe kamodzi.

6.0 Mau Omaliza

Bungwe la United Nations linapatula zaka za 2022 mpaka 2032 kukhala zokumbukira zilankhulo za eni nthaka. Kwa ife a ku Lusaka, ntchitoyi sitiyenera kukaifuna kutali, pakuti ili pakhomo. Tikulangiza kuti wophunzira aliyense wa zilankhulo, asanamalize digiri yake, ajambule ndi kulemba zokambirana ndi wachikulire mmodzi wa chilankhulo chaching'ono, kenaka abwezere zojambulazo ku banja lomwelo kuti ana azimvera. Akulu anati mau a akulu amakoma akagonera. Foni ingathe kuwasunga mauwo kuti agonere, koma muyeso weniweni wa ntchito yathu udzakhala tsiku limene mwana wa ku Kanyama adzamva uthenga wa agogo ake m'Chisoli, nayankha m'Chisoli.