Nkhokwe ya Malangizo a Kompyuta

Lero tikamba za nkhokwe imene sasungamo cimanga, koma malangizo.

Kompyuta siidziwa kanthu payokha. Imangotsata malangizo amene anthu ailembera. M'kampani yaikulu alembi a malangizowa ali ambiri, ndipo kawirikawiri amafuna zinthu zimodzimodzi, monga njira yowerengera masiku kapena yowonkhetsera malipiro. Aliyense akalemba yace, nthawi imatayika, ndipo colakwa cimodzi cimabadwa kakhumi. Cifukwa cace amalemba kamodzi mosamala, naika pamalo amodzi kuti onse azitengapo. Malo amenewa amawacha laibulale. M'caka ca 2016 akatswiri a kampani ya Google, ku America, analemba kuti alembi ao oposa 25,000 anali kutapa m'nkhokwe imodzi ya mizere pafupifupi 2 biliyoni.

Inu a pa mgodi mudziwa sitolo ya zida. Wosunga sitolo akasintha msinkhu wa mabawuti osauza munthu, nchito imaima pansi ponse. Momwemonso laibulale ifuna woisunga, ndipo nchito yace yaikulu ndiyo kusakhumudwitsa amene alikuidalira.

Poyamba, kanthu katsopano sikalowa m'nkhokwe kufikira mlembi wina atakawerenga, ndi makina atakayesa. Kaciwiri, nthawi iriyonse akaturutsa laibulale yokonzedwanso amaipatsa nambala zitatu, monga 2.4.1. Tamverani bwino pamenepa. Akangokonza colakwa, imasintha nambala yotsiriza, nkukhala 2.4.2. Akaonjezamo cinthu catsopano osaononga zakale, imasintha yapakati, nkukhala 2.5.0. Koma akasintha kanthu kotero kuti mapulogalamu akale sangagwirizane nayonso, imasintha yoyamba, nkukhala 3.0.0. Nambala yoyambayo iri ngati belu la cenjezo: woiona adziwa kuti ayenera kuyang'ana nchito yace asanatenge. Kacitatu, cinthu cakale sacicotsa mwadzidzidzi. Amayamba alengeza kuti cidzacoka, nasonyeza colowa m'malo mwace, napatsa anzao nthawi yosamukira.

Kodi zonsezi nzofunikadi? Imvani zimene zinacitika m'mwezi wa Marichi, 2016. Mlembi wina, atakangana ndi osunga nkhokwe ya npm, imene alembi a dziko lonse amatapamo, anacotsamo malangizo ace. Pakati pa malangizowo panali kapulogalamu kochedwa left-pad, ka mizere 11 yokha, kongoonjeza mipata kumanzere kwa mau. Koma mapulogalamu akulu anali atatsamira pa kanthu kameneka, ena osadziwa nkomwe, ndipo nchito ya alembi ambirimbiri inaima kufikira osunga nkhokwe atakabwezera tsiku lomwelo. Ici ncimodzi ca zifukwa zimene makampani ambiri amasungira nkhokwe yaoyao, yokhala ndi oiyang'anira odziwika.

Tsono, abale, ngati mwana wanu alikuphunzira nchito imeneyi, mumuuze kuti kulemba malangizo ndi ciyambi cabe. Mlembi wokhulupirika ndiye amene akumbukira anzace onse otsamira pa zolemba zace, nawacenjeza asanasunthe kanthu.