Kodi "mtedza wabwino" ndi wotani?

Wogula aliyense wofika ku makopaletivi a m'mawodi athu amanena chimodzimodzi: akufuna mtedza wabwino. Alimi amavomera, pakuti palibe amene amatcha mtedza wake woipa. Mkangano umadzabuka pa sikelo, matumba akabwezedwa kapena mtengo ukatsitsidwa, chifukwa mawu akuti "wabwino" aliyense anawamva mwa iye yekha.

Mankhwala ake ndi kumufunsa wogulayo mobwerezabwereza kuti akutanthauzanji, kufikira yankho litasanduka chinthu chopimika. Kawirikawiri zimapezeka kuti akufuna mtedza wouma, wopanda chuku, wosasakaniza mitundu ndi wofika pa tsiku lake. Komabe "wouma" akadali mawu chabe. Kuluma njere ndi kumva kuti yalira sikungalembedwe pa mgwirizano. Cholembeka n'chakuti chinyezi cha mtedza woswa chisapyole 8 peresenti pa kachipangizo kopimira.

Za chuku n'zofunika kuzimvetsa kwambiri. Chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale mtedza ukazingidwe. Maiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kupyola mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu. Mlingo umenewu mlimi sangauone ndi maso, n'chifukwa chake uyenera kuphwanyidwanso kukhala zinthu zimene komiti ingawerenge pakhomo: ndi mamembala angati amene aumitsa mtedza pouunjika mwa njira ya Mandela cock, makoko osakhudza dothi, ndi angati asiya kuwaza madzi pa makoko pofuna kuswa mosavuta, ndi njere zingati zonyala, zosweka kapena zakuda zopezeka mwa njere 100 zotapidwa pakati pa thumba. Tinene mosabisa, chizolowezi chowaza madzichi chimapulumutsa zala koma chimataya msika.

Kusasakaniza n'kosavuta: CG7 m'thumba lake, Chalimbana m'thumba lake, dzina la mtundu ndi nambala ya membala zilembedwe kunja.

Miyezo isachuluke. Inayi kapena isanu imene wogula wavomereza polemba ndiyokwanira, ndipo uliwonse ukhale ndi munthu woupima ndi tsiku loupimira. Makomiti ofuna kulemba miyezo yawo mtedza usanakumbidwe akumane ndi alangizi a zaulimi a m'dera lawo, atatenga makalata a wogula wa chaka chatha osonyeza zifukwa zimene matumba anabwezedwera.