Kuwotcha khansa popanda kupsereza ubongo

Glioblastoma ndi khansa ya mu ubongo imene imalowerera pakati pa maselo abwino ngati mizu ya udzu m'munda. Dokotala akafuna kuiwotcha ndi cheza, nkhawa yake imakhala pa ubongo wozungulira chotupacho, pakuti ndi umene umam'thandiza munthu kulankhula, kukumbukira ndi kuyenda.

Radiotherapy ya masiku onse imadalira nthawi. Cheza cha X-ray chimadutsa m'malo odwala ndi abwino omwe, choncho mlingo wonse wa 60 Gy amaugawa ka 30, wodwala n'kumalandira 2 Gy patsiku kwa milungu 6. Pakati pa tsiku ndi linzake, maselo abwino amadzikonza bwino kuposa a khansa. Ulendowu ndi wotopetsa, koma madokotala anauzolowera ndipo amadziwa polekera.

Njira ina, yotchedwa BNCT, imadalira kumene mankhwala akakhazikike. Wodwala amam'patsa pa diripi mankhwala okhala ndi boron-10, kenako amalozetsa ma neutron kumutu. Boron ikameza neutron imasweka kukhala helium ndi lithium, tizidutswa timene sitiyenda mtunda woposa kukula kwa selo imodzi. Selo imene yadya boron imafa, yoyandikana nayo n'kupulumuka. Nthawi zambiri zonse zimatha tsiku limodzi, ndipo apa mpomwe ndimachita mantha, chifukwa ubongo sulandira mpata wopuma. Boron ikakhala posayenera, palibe mawa loti n'kukonza.

Zimenezi zinachitikadi. William Sweet anayamba kuyesa njirayi pa odwala ku Brookhaven, ku America, mu 1951, ndipo pofika 1961 ntchito inaima. Boron yambiri inkatsalira m'magazi, moti mitsempha ya mu ubongo inkapsa kuchokera m'kati, pomwe ma neutron ofooka a nthawiyo sankafika pakuya. Ku Japan, Hiroshi Hatanaka anayambiranso mu 1968 ndi mankhwala a BSH, amene salowa msanga mu ubongo wabwino, koma ankachita kutsegula chigaza kuti cheza chifike pa chotupa.

M'zaka za m'ma 1990 kunabwera ma neutron amphamvuko olowa m'mutu osang'amba, pamodzi ndi BPA, mankhwala amene maselo a khansa amawameza ngati chakudya. BPA amalowanso pang'ono mu ubongo wabwino. Ku Brookhaven ndi ku yunivesite ya MIT, odwala ena amene ubongo wawo wonse unalandira cheza chochuluka ankagwidwa ndi tulo ndi kufooka patapita milungu, ndipo chizindikiro chimenechi chinathandiza kudziwa mlingo umene ubongo ungapirire.

Ndimaiona BNCT ngati njira yanzeru kwambiri pa ziwirizi, koma umboni wochuluka uli kwa X-ray. Mu 2020 Japan inavomereza BNCT ya makina osafuna reactor ya nyukiliya, koma pa khansa ya kumutu ndi m'khosi yokha. Pa glioblastoma ikadali pa kafukufuku.